Mmene Mungalembere Uthenga wa pa Foni ndi Imelo Popanda Kulakwira Munthu

Ndakhala mlembi wa kalabu ya alimi ang'onoang'ono a tiyi kuno ku Mulanje kwa zaka zingapo, ndipo ntchito imene kale tinkaichita ndi kalata ya pamanja yopatsira mnyamata wa njinga, masiku ano timaichita pa foni. Mikangano yambiri imene yafika pamaso pa komiti yathu m'zaka zimenezi sinayambe ndi sikelo kapena malire a munda, koma ndi uthenga wa mizere iwiri umene wolemba ankauona kuti ndi wabwinobwino pamene wolandira anaumva ngati chipongwe. Munthu akamalankhula ndi apongozi ake kapena a mfumu pamaso, amavula chipewa, amagwada, amatsitsa mawu ndipo amalandira chinthu ndi manja awiri. Foni sinyamula chilichonse mwa zimenezi. Chimene chimafika kwa winayo ndi zilembo zokhazokha, choncho ulemu wonse umene thupi likanaonetsa uyenera kulowa m'mawu olembedwawo.

Malangizo awa akukhudza ntchito zimene anthu amapunthwa nazo kawirikawiri, monga kupempha chilolezo kwa abwana, kukumbutsa munthu ngongole, kupepesa maliro pa gulu la WhatsApp ndi kutumiza imelo ku ofesi kumene sakukudziwani.

## Zoyenera kukhala nazo musanalembe

- Foni kapena kompyuta yanu, komanso kudziwa mtundu wa foni imene wolandirayo ali nayo, kaya ndi ya mabatani kapena yamakono.
- Dzina lolondola la munthuyo, udindo wake, ndi ubale umene ulipo pakati panu.
- Mfundo zenizeni za nkhaniyo zitalembedwa kaye pa pepala: tsiku, nthawi, malo ndi kuchuluka kwa ndalama.
- Ngati ndi imelo, adiresi yokhala ndi dzina lanu lenileni, osati dzina limene anzanu anakupatsani ku bwalo la mpira.
- Ngati nkhaniyo ndi yolemera, munthu mmodzi wodalirika amene angawerenge uthengawo musanautumize.

## Sitepe 1: Onani kaye ngati nkhaniyo ndi yoyenera kulembedwa

Nkhani zina siziyenera kufika kwa munthu koyamba kudzera pa uthenga wolembedwa. Imfa ya m'bale wapafupi, nkhani ya ukwati imene ikufunika ankhoswe, kuchotsa munthu ntchito, ndi kudzudzula munthu wamkulu kwa inu, zonsezi zimafuna kuyenda wapansi kapena kuimba foni. Uthenga wolembedwa ubwere pambuyo pake, wongotsimikiza tsiku ndi malo. SMS ndi WhatsApp ndi zabwino pa nkhani zazifupi zofuna yankho lachangu, pamene imelo ndi ya nkhani imene mukufuna idzapezeke pakapita miyezi, monga pempho la tchuthi kapena lipoti la kalabu.

Chenjezo: musalembe mtima uli m'mwamba. Ngati mwakwiya, lembani mawuwo pa pepala, muwawerengenso m'mawa mwake.

## Sitepe 2: Sankhani pakati pa "iwe" ndi "inu", ndipo musasinthe pakati pa uthenga

M'Chichewa ulemu umakhala m'tizidutswa ting'onoting'ono ta mawu, ndipo tizidutswa timeneti ndi timene anthu amayamba kudula akamafulumira. "Bwera" ndi "bwerani" amasiyana ndi zilembo ziwiri zokha, koma woyambayo ndi woitanira mwana kapena mnzanu wa ku ubwana, pamene wachiwiriyo ndi woitanira munthu amene mumamulemekeza. Chimodzimodzi "uli kuti" ndi "muli kuti", "ndakuona" ndi "ndakuonani". Ngati mukukayika, gwiritsani ntchito "inu", chifukwa palibe amene anakhumudwapo chifukwa cholemekezedwa.

Musaiwalenso "a" wa ulemu patsogolo pa dzina kapena udindo. Lembani kuti a mfumu, a kapitawo, abusa, amalume, achimwene, alamu, monga mmene mukanawatchulira mutakumana nawo pa msika wa Chitakale. Munthu amene pamaso mumamutchula kuti "bambo a ujeni" musamulembere dzina lake loyamba chabe chifukwa ndi mmene munalisungira mu foni.

Chenjezo: pa gulu la WhatsApp pamakhala ana ndi akuluakulu pamodzi. Ngakhale mukuyankha mnzanu wa msinkhu wanu, kumbukirani kuti a mfumu ndi abusa akuwerenganso.

## Sitepe 3: Perekani moni, dzitchuleni, kenaka nenani nkhani

Palibe amene amafika pakhomo pa munthu n'kuyamba nkhani asanaodire. Uthenga woyamba wa tsikulo uyambe ndi moni wathunthu wogwirizana ndi nthawi: "Mwadzuka bwanji?" m'mawa, "Mwaswera bwanji?" masana ndi madzulo. Ngati simukutsimikiza kuti nambala yanu anaisunga, dzitchuleni, chifukwa anthu amasintha mafoni ndipo manambala amatayika.

Koma musatumize moni wokha n'kudikira. Munthu amene ali m'munda akuthyola tiyi amayang'ana foni mwina kawiri pa tsiku, ndiye mukalemba "Moni" basi, iye nayankha masana, inu n'kufunsa za ana, nkhani yeniyeni idzafika dzuwa litalowa. Moni, dzina ndi nkhani zikhale mu uthenga umodzi.

## Sitepe 4: Pemphani mofewa, koma tsiku ndi ndalama zioneke

Apa ndi pamene kamvekedwe ka uthenga kamapangidwa kapena kuonongeka. Taonani ziganizo zinayi izi, zimene zonse zikupempha chinthu chimodzi:

"Tumiza ndalama."
"Tumizani ndalama."
"Chonde mutumize ndalama ija."
"Ndimati ndikukumbutseni za ndalama ija, ngati kungatheke mutumize pofika Loweruka."

Choyamba ndi lamulo la kwa mwana. Chachiwiri chili ndi "inu", komabe chikalembedwa chimamveka ngati lamulo, chifukwa kutsitsa mawu kumene kukanachifewetsa pakamwa kulibe. Chachitatu n'chabwino kwa munthu amene mumazolowerana naye. Chachinayi ndi chimene ndimalangiza mukamalembera wamkulu kapena munthu amene simukufuna kuti ubale wanu uonongeke. Mawu akuti "ndimati" ndi "ndimafuna" amaika pempho lanu kumbuyo pang'ono, ngati munthu amene waima pakhomo osalowa. Mawu akuti "ija" amasonyeza kuti nonse mukuidziwa nkhaniyo, choncho simukumuimba mlandu woiwala. "Ngati kungatheke" amamupatsa mpata wofotokoza vuto lake popanda manyazi.

Uthenga wathunthu ungakhale wotere: "Mwaswera bwanji alamu? Ndine mlamu wanu wa ku Likhubula. Ndimati ndikukumbutseni za K15,000 ija ya feteleza imene tinagwirizana kuti mubweza mwezi uno. Sukulu ikutsegulira Lolemba ndipo ndikufuna kugulira ana makope. Ngati kungatheke mutumize pa Mpamba pofika Loweruka. Zikomo kwambiri."

Chenjezo: ena amafewetsa mpaka nkhani imasowa. Ndaonapo uthenga wa mizere khumi wodzaza ndi "pepani" ndi "Mulungu akudalitseni" umene sunatchule kuti ndalamazo ndi zingati ndiponso zikufunika liti. Wolandirayo anayankha kuti "Ameni", ndipo wolembayo anakwiya kuti wanyozedwa, chonsecho iye mwini sanafunse kanthu.

## Sitepe 5: Dulani mawu kwa anzanu okha, ndipo mawu ena musawadule konse

Chizolowezi chodula mawu chinabwera chifukwa SMS imodzi imalola zilembo 160 zokha, kuphatikizapo mipata, ndipo uthenga ukapitirira pamenepo umawerengedwa ngati awiri. Ndiye anthu anayamba kulemba "kt" m'malo mwa "kuti", "kma" m'malo mwa "koma", "nde" m'malo mwa "ndiye", "zkm" m'malo mwa "zikomo", "bwa" m'malo mwa "bwanji". Pakati pa anzanu a msinkhu umodzi palibe cholakwika ndi zimenezi, ngakhalenso "bho" ndi "kkkk". Koma pa WhatsApp ndi pa imelo malire a 160 aja kulibe, choncho munthu wamkulu akalandira "zkm" amaona kuti simunafune kumutayira nthawi yolemba zilembo zisanu ndi chimodzi.

Vuto lalikulu koposa ndi lakuti Chichewa sichilola kudulidwa mofanana ndi Chingerezi. Tanthauzo la chiganizo chathu limasungidwa m'kati mwa mneni, ndipo mukachotsa mavawelo, kukana ndi kuvomera kumayamba kufanana. "Mubwere" ndi "musabwere" akadulidwa amakhala "mbwr" ndi "msbwr", ndipo munthu wowerenga pa kagalasi kosweka, padzuwa, sangaone kusiyana kwake. "Ndibwera" ndi "sindibwera" ndi chimodzimodzi, komanso "ndinalandira" ndi "sindinalandire". Mawu aliwonse okhala ndi "si-" kapena "-sa-" wokana alembedwe athunthu nthawi zonse, ngakhale mukulembera mnzanu wapamtima.

Chilembo cha "h" ndi kachizindikiro kodulira ka pamwamba nazonso si zokongoletsa. "Khama" si "kama", ndipo "phala" si "pala". Koposa zonse, "mawa" si "m'mawa". Kalabu yathu inaitanitsapo msonkhano ndi uthenga wakuti "tikumane mawa 8", pamene wolembayo, amene analemba mbandakucha, ankatanthauza m'mawa wa tsiku lomwelo. Theka la alimi linafika tsiku limenelo, theka lina tsiku lotsatira, ndipo alangizi amene anachokera ku Boma anabwerera nkhani isanakambidwe. Kuyambira pamenepo timalemba dzina la tsiku ndi deti, monga "Lachitatu pa 14, nthawi ya 8 koloko m'mawa". Kumbukiraninso kuti mawu ena timawasiyanitsa ndi kakwezedwe ka liwu kokha, kamene sikalembedwa. "Mtengo wakwera" ndi chiganizo chomveka pa nkhani ya malonda, koma "mtengo wagwa" chingatanthauze mtengo wa pa msika kapena mtengo wa bulugamu umene watseka msewu, choncho onjezani mawu amodzi ofotokoza.

Zidule za Chingerezi zili ndi misampha yake. "LOL" amatanthauza kuseka mokweza, koma akuluakulu ena amaganiza kuti ndi mawu a chikondi ndipo amawaika pansi pa uthenga wa chisoni. "ASAP", kutanthauza kuti mwachangu, kwa munthu wamkulu kwa inu amamveka ngati mukumuthamangitsa, ndipo ndi bwino kungotchula tsiku limene mukufuna chinthucho. "RIP" ndi "MHSRIP" afala kwambiri pa magulu, koma kwa namfedwa mwiniwake zilembo zimenezi sizipepesa, ndipo muyenera kulemba mawu enieni. Yankho la "K" lokha ndi louma kuposa onse. Lembani kuti "Chabwino, ndamva".

Amene mumagwira ntchito za chitukuko samalaninso ndi zidule za ku ofesi. VDC, HSA ndi AEDO ndi mawu a tsiku ndi tsiku kwa inu, koma mlimi wa kwa Mabuka amawadziwa anthu amenewa kuti ndi komiti ya chitukuko ya m'mudzi, alangizi a zaumoyo ndi alangizi a zaulimi. Mulembereni m'mawu amene iye amagwiritsa ntchito.

## Sitepe 6: Lembani ndalama ndi masiku mosasiya chikaiko

"K5" ndi makwacha asanu, pamene "5k" ndi makwacha 5,000, ndipo kusiyana kwake ndi malo a chilembo chimodzi. Mawu a pa msika monga "5 pin" kapena "mita imodzi" ndi omveka kwa achinyamata ndi ochita malonda, koma sayenera kupezeka mu uthenga umene mawa ungadzakhale umboni wa ngongole. Lembani K5,000 kapena K1,000,000, muwerenge maziro kawiri. Amene mumagula ndi kugulitsa ku Limbuli ndi ku Muloza, kumene anzathu a ku Milange amabwera ndi ndalama za kwawo, tchulani ngati mukunena makwacha kapena metikashi.

Pa madeti, ife timayamba ndi tsiku kenaka mwezi, koma anthu a ku America amayamba ndi mwezi. Mukalembera bungwe la kumeneko kuti 4/5, inu mukutanthauza pa 4 Meyi pamene iwo awerenga pa 5 Epulo. Lembani dzina la mwezi.

## Sitepe 7: Samalani ndi zilembo zazikulu ndi zizindikiro

Uthenga wolembedwa wonse m'zilembo zazikulu umawerengedwa ngati kukalipa. Ambiri amene amalemba choncho sakukalipa ayi, amangofuna kuti mawu aoneke bwino kapena batani linakanirira, koma wolandira sadziwa zimenezo. Ngati mukufuna kutsindika mawu amodzi pa WhatsApp, ikani kanyenyezi kutsogolo ndi kumbuyo kwake ndipo adzaoneka okuda kwambiri. Chizindikiro chimodzi cha funso n'chokwanira. "Mwafika?" ndi funso, pamene "Mwafika???" ndi kudzudzula. Timadontho tambiri kumapeto kwa chiganizo, monga "Chabwino....", timasiya winayo akuganiza kuti pali mawu amene mwawameza.

## Sitepe 8: Maemoji abwere pambuyo pa mawu, osati m'malo mwa mawu

Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula midzi ya m'munsi mwa phiri, magulu athu a WhatsApp anadzaza ndi mauthenga a maliro usana ndi usiku. Pa gulu la mpingo wathu mnyamata wina analemba kuti thupi la mayi ake lapezeka. Mayi wina wachikulire, amene anali mnzawo wa malemuwo kwa zaka zambiri, anafuna kusonyeza kuti akulira. Magalasi ake anali atapita ndi madzi. Anatsegula tinkhope ta pa foni totchedwa maemoji, anaona kankhope kokhala ndi misozi, nakatumiza katatu. Kanali aka: 😂. Mnyamatayo anatuluka pa gulu nthawi yomweyo, ndipo panatenga mkulu wa mpingo ndi ine kuyenda m'matope kukafika kumene ankasungidwa kuti tikafotokoze. Mayi uja atamva tanthauzo la kankhopeko analira kuposa mmene analirira pa maliro.

Tinkhope ta misozi tilipo titatu ndipo timafanana kwambiri pa foni yaing'ono. Aka 😂 kali ndi pakamwa poseka ndi misozi m'mbali zonse ziwiri, ndipo ndi ka kuseka kwambiri. Aka 😢 kali ndi msozi umodzi ndi milomo yogwa, ndipo ndi ka chisoni. Aka 😭 kali ndi misozi yoyenderera ngati mitsinje, ndipo ngakhale kanapangidwira kulira, achinyamata ambiri amakagwiritsanso ntchito poseka, monga amachitira ndi kachigaza aka 💀. Chifukwa cha zimenezi, langizo langa pa uthenga wa maliro kapena matenda ndi lakuti musaikepo nkhope iliyonse. Lembani kuti "Pepani kwambiri chifukwa cha imfa ya mayi athu, Mulungu akutonthozeni", ndipo ngati mukufuna kuonjeza kanthu, manja opemphera awa 🙏 ndi okwanira.

Chala chachikulu ichi 👍 chimathandiza pakati pa anzanu, koma mukachitumiza chokha kwa abwana, apongozi kapena a mfumu amene akulemberani uthenga wautali, zimakhala ngati akulankhulani inu n'kungogwedeza mutu osatsegula pakamwa. Lembani kuti "Ndalandira, zikomo bambo". Mtima wofiira ❤️ ndi kankhope kopsompsona 😘 zisapite kwa munthu amene mumangogwira naye ntchito kapena kupemphera naye, ngakhale cholinga chanu chili choyera, chifukwa m'nyumba zambiri kuno foni ndi imodzi ndipo mwamuna, mkazi ndi ana onse amaigwira. Ochita malonda a ndiwo zamasamba ndi zipatso, monga anzathu a ku Bvumbwe amene amatsatsa pa WhatsApp, adziwenso kuti chithunzi cha biringanya 🍆 ndi cha pichesi 🍑 anthu ambiri pa intaneti amazigwiritsa ntchito pa nkhani zolaula. Jambulani katundu weniweniyo kapena lembani dzina lake. Chinanazi 🍍 chilibe vuto limeneli.

Pali zinthu ziwiri za kagwiridwe ka foni zimene ambiri sazidziwa. Choyamba, foni ya mabatani nthawi zambiri sionetsa emoji, imangoonetsa timabokosi kapena zizindikiro za funso, ndipo ngakhale pa mafoni amakono nkhope imodzi imajambulidwa mosiyana pa Samsung, pa iPhone ndi pa WhatsApp. Chachiwiri, mukaika emoji imodzi yokha mu SMS, malire amatsika kuchoka pa zilembo 160 kufika pa 70, ndipo uthenga wa zilembo 150 umene ukanapita ngati umodzi umagawidwa patatu, inu n'kulipira katatu. Chilembo cha ŵ, chija ena amalemba m'dzina la Malaŵi, chimachitanso chimodzimodzi pa mafoni ambiri. Mlembi amene akutumiza uthenga kwa alimi 40 aziganizire zimenezi mayunitsi asanathe. Ngati mukufunadi kusonyeza kumwetulira mu SMS, gwiritsani ntchito zizindikiro zakale zopangidwa ndi madontho ndi mizere, :-) pa kusangalala ndi :-( pa kudandaula, zimene zimaoneka pa foni iliyonse ndipo sizitsitsa malire aja. Ichi ;-) ndi kutsinzinira munthu diso, choncho chisapite kwa amene simungamutsinzinire pamaso.

Mu imelo ya ku ofesi, makamaka yoyamba, musaike emoji ngakhale imodzi.

## Sitepe 9: Imelo ilembedwe ngati kalata

Yambani ndi mutu umene ukunena nkhani yonse mwachidule, monga "Pempho la tchuthi kuyambira pa 12 mpaka pa 16 Juni". Mutu wakuti "Moni" kapena "Thandizo" suuza kalaliki wa mu ofesi chilichonse, ndipo imelo yopanda mutu imaoneka ngati ya akuba a pa intaneti. Kenaka perekani moni wa m'kalata, monga "Okondedwa Bambo" kapena "Okondedwa Mayi", nenani kuti ndinu ndani m'chiganizo chimodzi, fotokozani chimene mukufuna m'ndime yoyamba yomweyo, ndipo tsirizani ndi "Ine wanu", dzina lanu lonse, udindo ndi nambala ya foni. Maofesi ambiri amalemberana m'Chingerezi, ndipo ngati mwasankha chinenero chimenecho lembani mawu athunthu, popanda "u", "ur", "pls" kapena "gud". Kalata yofunsira ntchito ku esiteti yolembedwa ngati SMS imaikidwa pambali munthu asanatsegule n'komwe masatifiketi.

Malo olembedwa "To" ndi a munthu amene mukufuna achitepo kanthu, "Cc" ndi a amene akungofunika kudziwa, ndipo "Bcc" amabisa maadiresi kuti olandira asaonane. Chenjezo lalikulu lili pa "Cc". Mukakumbutsa mnzanu za ntchito imene wachedwetsa n'kuikapo abwana ake, iye amamva kuti mwakamuneneza, ngakhale mawu anu akhale ofewa chotani. Yambani mwamulembera yekha. Batani la "Reply all" limatumiza yankho lanu kwa onse amene analandira imeloyo, choncho liyang'aneni kawiri musanalembe za malipiro kapena za matenda anu. Fayilo imene mukutumiza ikhale ndi dzina lomveka, ndipo pa Gmail isapitirire 25 MB.

## Sitepe 10: Werengani motulutsa mawu, onani dzina, kenaka tumizani

Werengani uthengawo motulutsa mawu, mosasekerera ndiponso mosatsitsa liwu, chifukwa umo ndi mmene udzafikire. Ngati ukumveka waukali mukauwerenga choncho, onjezani moni, "chonde" kapena chifukwa cha pempho lanulo. Mukatero yang'anani pamwamba kuti mutsimikize dzina la munthu kapena gulu.

Mukalakwitsa pali kampata kochepa. WhatsApp imalola kukonza uthenga mkati mwa mphindi 15, ndiponso kuufufuta kwa onse mkati mwa masiku awiri, koma imasiya chizindikiro chakuti mwakonza kapena mwafufuta, ndipo amene anawerenga kale anawerenga basi. Gmail imapereka masekondi 5 obweza imelo, amene mungawaonjezere kufika pa 30 mukalowa m'makonzedwe ake pa kompyuta. SMS ikapita sibwezedwa. Ngati uthengawo wapweteka munthu, kufufuta kokha sikukwanira, muimbireni kapena pitani mukapepese.

## Zolakwa zimene zimabwerezedwa kawirikawiri

Cholakwa choyamba ndi kusiya foni kuti izisintha yokha mawu. Mafoni ambiri amabwera atakonzedwera Chingerezi, ndipo amasandutsa mawu a Chichewa kukhala mawu ena achilendo inu musanaone. Lowani m'makonzedwe a kiyibodi muzimitse mbali yolembedwa kuti Auto-correction, kapena muziwerenga liwu lililonse musanatumize.

Chachiwiri ndi kuweruza munthu chifukwa cha timizere tiwiri tabuluu ta pa WhatsApp. Timizereto timangosonyeza kuti uthenga watsegulidwa, osati kuti mwini foni wauwerenga, popeza mwina ndi mwana amene amaseweretsa foniyo. Komanso kuno netiweki imasowa m'makhwawa ndi kuseri kwa phiri, magetsi akazima mafoni amagona osatchajidwa, ndipo m'miyezi ya mvula anthu amakhala m'minda ya tiyi kuyambira mbandakucha. Musatumize "???" kapena "mwandinyoza". Dikirani tsiku limodzi, kenaka lembani kuti "Ndimafuna kudziwa ngati uthenga wanga wa dzulo unafika".

Chachitatu ndi kulemba nthabwala ndi mawu okuluwika kwa munthu amene si msuweni wanu kapena mnzanu wochezerana naye. Chipongwe cha pachisuweni chimakoma pakamwa chifukwa onse akuona nkhope, koma chikalembedwa n'kujambulidwa pa foni, chimayenda chopanda nkhope ija ndipo chimafika kwa anthu amene sadziwa ubale wanu. Kuika "kkkk" kumapeto sikuchotsa ululu wa mawu onyoza. Dziwaninso kuti lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la mu 2016 limaletsa kuopseza ndi kuzunza munthu kudzera pa mauthenga a pa foni ndi pa intaneti, ndipo zimene munalemba usiku mutakwiya zingathe kudzawerengedwa pamaso pa apolisi.

Chachinayi ndi kudzudzula munthu mmodzi pa gulu. Amene sanapereke ndalama ya chipepeso kapena ya kalabu alemberedwe payekha, ndipo pa gulu palembedwe chikumbutso cha onse chosatchula dzina.

Chomaliza chikukhudza mauthenga a mawu ojambulidwa. Ndi othandiza kwambiri kwa agogo amene maso anafooka ndi kwa amene sanapite patali ndi sukulu, ndipo amanyamula kamvekedwe ka liwu kamene zilembo zimataya. Koma uthenga wa mphindi zisanu umadya bandulo ya wolandira, sungamvetseredwe mu minibasi kapena pa maliro, ndipo munthu akafuna kukumbukira tsiku la msonkhano amayenera kuumvetsera wonse kuyambira pachiyambi. Jambulani mawu osapitirira mphindi imodzi, ndipo pansi pake lembani tsiku, malo ndi ndalama m'zilembo, monga "Lachisanu pa 9, 2 koloko masana, pa shedi ya tiyi, aliyense K2,000".